Pepala Limene Ndinawasayinitsa Akulu Anga

Akulu anga anali telala. Makina awo ankakhala pakhonde la golosale ina, kumunsi kwa msewu wotsetsereka umene umakathera pageti la sukulu ya pulayimale. Anakhala pakhondepo zaka khumi ndi zinayi, moti mwa ana khumi olowa pagetilo, asanu ankavala yunifolomu yotuluka m'manja mwawo. Makinawo anali akale, opalasa ndi phazi. Akulu anga ankakonda kunena kuti bambo wa m'nyumba mwawo ndi mwendo wawo wamanja, ndipo alamu, amuna awo, akamva zimenezo ankaseka mokakamiza n'kutuluka panja. Alamu ndi openta nyumba. Ntchito yawo imapezeka mwezi uno n'kusowa miyezi itatu, choncho ana awo awiri ankadyadi za mwendowo.

Ine ndine wopondana nawo. Ndimachapa ndi kusita pahotela ina, ndipo pabanja pathu ndine ndinapitako patali ndi sukulu. Za sukuluzi ndazitchula dala, chifukwa ndi zimene zinatipweteka.

Tsiku la ngozi ndinali kuntchito, ndiye za tsikulo ndinachita kumva. Linali Lachitatu, ana a makalasi aang'ono akuweruka. Lole ya kampani ina yoperekera katundu m'magolosale inaima pamwamba pa chitunda, itadzaza matumba a shuga ndi makatoni a sopo. Handibuleki yake inali itafa kalekale. Dalaivala akaima ankaika mwala kutayala, koma tsikulo anatsika mothamanga ndi mapepala ake n'kuiwala mwalawo. Loleyo inayamba kutsika yokha, poyamba pang'onopang'ono, kenako ndi liwiro. Pakati pa msewu panali kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, katanyonyomala, kakutola mapensulo amene anagwa m'chikwama. Kanali katafulatira kumtunda.

Akulu anga anali ndi mapini pakamwa, akupinda siketi. Amene analipo amati anangoona mpando ukugwa. Anakafika pamene panali mwanayo n'kumukankhira m'ngalande, ndipo mwanayo anangosupuka pachigongono. Iwo sanathe kutulukamo. Tayala lakutsogolo linawagwetsa, lakumbuyo n'kuwaponda mwendo wamanja pansi pa bondo. Lole inakaima itagumula mpanda wa sukulu.

Madokotala anayesetsa masiku asanu. Pofika lachisanu ndi chimodzi fungo linali litadzaza wodi yonse, ndipo anadula.

Patapita masiku awiri, nthawi yoonera odwala, kunabwera bambo wina wovala tayi, atanyamula jumbo ya malalanje ndi mkaka. Alamu anali atapita kunyumba kukaona ana, pabedi panali ine ndekha. Bamboyo anati watumidwa ndi kampani. Ankalankhula motsitsa mawu, mwaulemu, ndipo akulu anga anawatchula kuti ngwazi. Anati mabwana ake akufuna kuthandiza mwamsanga, kungoti ofesi siyenda popanda pepala, ndiye angofunsa mafunso atatu. Anafunsa ngati anaiona loleyo ikubwera. Akulu anga anati inde. Anafunsa ngati ankadziwa kuti ikhoza kuwapweteka. Anati ndani sadziwa zimenezo. Anafunsa ngati alipo anawatuma kapena kuwakakamiza kulowa mumsewu. Anati palibe. Bamboyo analemba zonsezi m'Chingerezi, atasanja pepala pabondo, n'kuwapatsa cholembera.

Akulu anga anali atangobayidwa jakisoni wopha ululu, maso akulemera. Anatembenukira kwa ine.

"Iwe ndiwe wodziwa kuwerenga izi. Ukuona bwanji?"

Ndinaliwerenga pepalalo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Munalibe bodza. Mzere womaliza unkati iwo analowa mumsewu mwa kufuna kwawo, akudziwa bwino za ngoziyo. Ine ndinaona ngati akuwayamikira. Ndinkaganizanso za ana awiri aja, ndi za makina amene tsopano analibe wowapalasa.

"Sayinani, akulu, anthuwa atithandize msanga."

Cholembera chinkawapulumuka, ndiye ndinawagwirira chigongono mpaka anamaliza kulemba dzina. Bamboyo anathokoza, anati Mulungu awachiritse, n'kumapita. Malalanje aja tinagawana ndi odwala a m'mabedi oyandikana nafe.

Anatuluka m'chipatala patatha mwezi. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, chimbudzi chili panja, kuseri kwa nyumba za anthu ena. Ndodo anapatsidwa zazitali, zosalingana ndi msinkhu wawo, ndipo pamatope a pabwalopo anagwa nazo kawiri sabata yoyamba. Kugwa kwachiwiri bala linatseguka. Kuyambira pamenepo ankayenda chokwawa m'nyumba, ndowa ili pakona, mwana wawo wamkulu akukataya asanapite kusukulu. Ine ndinkadutsako m'mawa uliwonse kukawatsuka bala ndi madzi amchere, n'kuthamangira kuntchito manja akununkhabe mankhwala.

Tinkadikira kampani. Galimoto ikaima pamsewu, akulu anga ankadzikokera pawindo. Kalata inabwera mwezi wachitatu, ndipo wowerenga ndinali ine ndemwe. Kampani inati ndi yachisoni ndi zimene zinachitika, koma singapereke chipukutamisozi, chifukwa mayiwo anadziika okha pangozi mwa kufuna kwawo, monga anavomerera m'pepala limene anasayina pamaso pa mbale wawo. Anaikamo ndi fotokope ya pepalalo. Ndinawerenga mokweza mpaka pa mawu akuti mbale wawo, ndipo ndinalekeza pomwepo.

Alamu anali ataima pakhomo, akupala penti wouma m'zikhadabo. Anthu aja si olongolola, koma tsiku limenelo anatsegula pakamwa.

"Ana ako awiri unawaganizira? Kapena wa eniakeyo ndiye anali mwana yekha? Ndani anakutuma?"

Akulu anga anangokokera nsalu pamene panali mwendo. Sabata yomweyo alamu anapeza ntchito yopenta nyumba zosungiramo katundu kutali, ndipo anapita. Ankabwera kamodzi pamwezi, n'kugona pamkeka pabalaza. Makina aja anagulitsidwa. Mwana wamng'ono anatengedwa ndi amalume athu, wamkulu ndinamutenga ine.

Chimene chinkandidya n'chakuti akulu anga sanandinene ngakhale kamodzi. Akanandilalatira bwenzi mwina nditapepukidwa. Ndikayamba kupepesa ankangoti zinachitika kale, unditengere madzi. Tsiku lina masana ndinapempha kuchoka msanga kuntchito, ndipo ndinawapeza atatseka chitseko, atakhala pansi, mapiritsi onse a kuchipatala atawakhuthulira m'mbale imodzi. Anati amangofuna kuona ngati akwanire mwezi. Sindinatsutse. Ndinawawolera m'chikwama changa, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinkawasiyira a tsiku limodzi okha. Mawa lake sindinapite kuntchito. Ndinatenga kalata ija ndi fotokope yake n'kupita kuofesi ya maloya othandiza anthu osowa.

Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Loya amene anandilandira anali mayi wocheperapo kwa ine, wowonda, wolankhula mofulumira. Mafayilo mu ofesi mwake anali atawunjikana mpaka pansi, moti anachita kuchotsa ena pampando kuti ndikhale. Anawerenga mapepala onse awiri, n'kufunsa kuti mbale wotchulidwayo ndani. Ndinati ndine. Anandiyang'ana pang'ono, n'kupitiriza.

Anandifotokozera kuti pa malamulo ilipodi mfundo imene kampani ikuigwiritsa ntchito. Munthu akalowa pachinthu choopsa mwa kufuna kwake, atavomera yekha kuti zikavuta ndi zake, sangadzatembenuke n'kusumira mnzake. Anapereka chitsanzo cha anthu omenyana nkhonya pamasewera. Koma anati wopulumutsa mnzake ndi wosiyana.

"Kudziwa kuti pali ngozi n'kwina, kuvomera kuti ngoziyo ikugwereni inu, eni ake osayankhapo kanthu, n'kwinanso. Achemwali anuwo anadziwa. Sanavomere. Ndipo wosiya lole yopanda buleki pamwamba pa sukulu ayenera kudziwa kuti wina adzathamangira mwana."

Mtima wanga unayamba kutsika, koma loyayo anati ndisafulumire. Anakasumira kampaniyo m'malo mwathu, ndipo patatha miyezi iwiri anandiitana kuti ndione yankho la kampani. Iwonso malamulo ankawadziwa. Tsopano ankati mumsewu munalibe mwana aliyense amene anali pangozi. Ankati ana onse anali m'mbali, ndipo mayiwo anangothamangira lole mopanda nzeru, mwina pofuna kuimitsa ndi manja. M'pepala lija, anandionetsa ndi chala, za mwana munalibe ngakhale liwu limodzi. Ine ndinali nditaliwerenga lonse kuchipatala kuja, koma zimenezo sindinazione. Lipoti la apolisi linkangonena za lole, mpanda ndi munthu mmodzi wovulala. Loya anati popanda mwana palibe kupulumutsa, ndipo popanda kupulumutsa mlandu wathu wagwa. Ankafuna mboni.

Anthu amene anandifotokozera za ngoziyo ndi manja ndi miyendo anasanduka osaona. Uyu anati anafika zitachitika kale, uyo anati khothi limatha masiku ambiri ndipo iye amadya za tsiku lomwelo. Kusukulu anati mwanayo anamusamutsa, ndipo maina a makolo sapereka kwa munthu wamba. Mwini golosale, amene akulu anga anakhala pakhonde lake zaka zonse zija, anati iye anali m'kati akupima shuga. Katundu yense wa m'mashelefu mwake ankabwera ndi malole a kampani yomweyo. Ndinamukumbutsa kuti makatani a m'nyumba mwake anasoka ndi akulu anga. Anangoti pepani, mayi. Ndili pakhomo kuti ndizituluka, analankhula akusanja sopo, osandiyang'ana, kuti ngati dalaivala uja adzabwere kukhothi, wina adzamufunse zimene ankakuwa pothamanga. Ndinamufunsa kuti ankakuwa chiyani. Anati iye sanamve bwino.

Nditawauza akulu anga kuti mwanayo sakupezeka, anati mwanayo amamudziwa, yunifolomu yake anasoka ndi iwo, ndipo mayi ake amaluka tsitsi kuseri kwa depoti ya mabasi. Ankadziwa kuyambira pachiyambi. Sanafune kumutchula chifukwa mayiyo sanabwere kuchipatala ngakhale tsiku limodzi, ndipo anati munthu sungamukakamize kuthokoza.

Mayiyo ndinamupeza m'kachipinda ka malata, muli galasi losweka pakona ndi mipando iwiri yapulasitiki. Ankaluka mayi wina, chipeso atachiluma pakamwa. Nditanena kuti ndine mng'ono wa telala uja, zala zake zinaima, kenako zinapitiriza mofulumira kuposa kale. Anati bambo wa tayi uja anafikanso kwa iye. Anamuuza kuti mayi wolola mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kuyenda yekha pamsewu ali ndi mlandu, ndipo akaonekera kukhothi akhoza kumangidwa, mwananso n'kulandidwa. Ndinamuuza kuti ndi bodza, loya wathu angamufotokozere. Anati loya wanu ndi wanu. Anati mwanayo mpaka pano amadzikodzera akamva lole ikulira, ndipo sangamuimike pamaso pa anthu.

Sindinaganizepo kuti ndingagwadire munthu wocheperapo kwa ine. Ndinagwada pa tsitsi lomwe linali mbwee pansipo, n'kumugwira mwendo. Ndinamuuza za ndowa ya pakona, za ana obalalika, za mapiritsi a m'mbale. Mayi amene ankalukidwa uja anatseka maso ngati wagona. Wolukayo anachotsa chipeso pakamwa.

"Ndikudziwa kuti mwana wanga ali moyo chifukwa cha iwo. Ndimadziwa tsiku lililonse ndikamamusambitsa. Koma kukhothi sindipita. Dzukani, mukundichititsa manyazi."

Loya anamutumizira samani yomuitana kukhothi. Wopereka samaniyo anapeza kachipinda kaja kali ndi loko, galasi atachotsa, ndipo oyandikana naye anati anasamuka osatsanzika.

Mlandu unalephereka katatu. Koyamba jaji anali kumsonkhano, kachiwiri loya wa kampani anadwala, kachitatu fayilo inasowa. Ulendo uliwonse tinkachita kufuna galimoto, ndipo chipinda choweruziramo chinali pamwamba, masitepe makumi awiri ndi anayi, amene akulu anga ankakwera chokhala, chammbuyo, anthu akuwalambalala. Kuhotela anandichenjeza kuti ndikajombanso ndisabwererenso. Ulendo wachinayi ndinajombabe. Alamu anatulukira pageti la khothi m'mawa umenewo, atavala malaya awo a kutchalitchi. Sindikudziwa anawauza ndani. Sanapereke moni wautali. Anangowerama, n'kuwabereka akazi awo mpaka pamwamba.

Loya wa kampani anali bambo wachikulire, wa imvi, waulemu ngati wa tayi uja. Anawafunsa akulu anga ngati siginecha ya papepala ili yawo. Anavomera. Anawerenga mayankho atatu aja limodzilimodzi, ndipo onse anawavomera. Anafunsa chifukwa chake m'pepalalo mulibe mwana. Anayankha kuti wolembayo sanafunse za mwana. Anafunsa kuti mwanayo ali kuti lero. Anati sakudziwa. Kenako anafunsa ngati mayi wa ana awiri, woganiza bwino, angalowe kutsogolo kwa lole yodzaza katundu, ndiponso kuti anawatuma ndani. Ndinayang'ana alamu. Anali ataweramitsa mutu, chipewa atachifinya m'manja.

"Sindinaganize, bwana," anatero akulu anga. "Ndikanakhala pansi kuti ndiganize, bwenzi tikunena za maliro. Ine ndinavomera kuti mwana asafe. Za mwendo wanga palibe anandifunsa."

Loyayo anati mawu ndi abwino, koma khothi limafuna umboni.

Kenako anaitana ine. Ndinafotokoza za jakisoni, za malalanje, za lonjezo la thandizo. Loya wa kampani anayamba ndi mafunso atatu: ngati ndimadziwa Chingerezi, ngati ndinawerenga pepala lonse, ndiponso ngati ndine ndinawauza kuti asayine. Onse ndinayankha kuti inde. Anafunsanso ngati mwanayo ndinamuona ndi maso anga. Ndinati ndinali kuntchito. Anathokoza n'kukhala pansi. Pobwerera pabenchi ndinadziwa kuti ndawagwetsa kachiwiri.

Titapuma masana, loya wathu sanadye. Anakhala pasitepe akutsegula ndi kutseka fayilo. Anatiuza mosabisa kuti zinthu sizili bwino, ndipo chatsala ndi dalaivala yekha, amene ndi mboni ya kampani. Ndinamukumbutsa mawu a mwini golosale. Anati akuwakumbukira, koma loya safunsa funso limene sakudziwa yankho lake, chifukwa likhoza kumutembenukira. Kenako anatseka fayiloyo, n'kunena kuti lero palibenso chotaya.

Dalaivalayo anali munthu wamfupi, atavala jekete lomukulira mapewa. Analumbira atagwira Baibulo. Kwa loya wa kampani ananena zonse bwinobwino, ngati mwana wonena ndakatulo yoloweza: anaimika lole, anatsika, anamva phokoso, ndipo kuchokera pamene anaima sanaone mwana aliyense mumsewu. Kumbali yathu sanayang'aneko.

Loya wathu anaimirira. Anamufunsa ngati anaithamangira loleyo ataona kuti ikuyenda. Anati inde. Anafunsa ngati anathamanga mpaka kumunsi. Anati inde. Anafunsa ngati ali ndi ana. Loya wa kampani anatsutsa, jaji n'kuvomereza kuti funsolo lichotsedwe.

"Chabwino. Munkathamanga mwakachetechete?"

Dalaivala anayang'ana loya wa kampani, kenako pansi.

"Ayi."

"Munkatani?"

"Ndinkakuwa."

"Munkati chiyani?"

M'chipindamo munangomveka fani ya padenga. Jaji anavula magalasi n'kumuuza kuti ayankhe, akumbukirenso kuti walumbira. Apa m'pamene munthu uja anatembenuka n'kuyang'ana akulu anga koyamba, osati kumaso, koma pamene siketi yawo inali yopanda kanthu.

"Ndinkati mwanayo. Ndinkati chotsani mwanayo."

Atangonena zimenezo analephera kusiya. Popanda womufunsa ananena kuti mwanayo anali ndi chikwama chofiira, kuti handibuleki anaidandaula katatu kugalaja ya kampani ndipo anamuuza kuti miyala ndi yaulere, kuti mawu amene wanena poyamba anachita kumulembera. Loya wa kampani anaimirira kawiri, koma jaji anamuuza kuti akhale pansi. Akulu anga anandigwira dzanja mwamphamvu. Anandinong'oneza kuti iwo sanamve munthu aliyense akukuwa tsiku lija, anangoona mwana basi.

Chigamulo chinabwera patatha masabata asanu ndi limodzi. Jaji anawerenga nthawi yaitali, ndipo loya wathu anatimasulira tili panja. Khothi linapeza kuti kampani inachita mosasamala potumiza pamsewu lole imene inkadziwa kuti ilibe buleki. Linapeza kuti mwana analipo ndipo akanafa. Pa mfundo ya kuvomera, jaji anati munthu amene waona mwana ali pafupi kupondedwa sakhala ndi ufulu weniweni wosankha, ndipo lamulo silingamuuze kuti akanangokhala pampando wake. Anati ngakhale dalaivala akanapanda kukuwa, yankho likanakhala lomwelo, chifukwa amene anaitana mayiwo mumsewu ndi amene anasiya ngoziyo. Za pepala lija anati linatengedwa kwa munthu wodwala, atamwa mankhwala, pomunamiza, ndipo ngakhale likanatengedwa bwino silinena kuti anakhululukira aliyense. Analamula kuti kampani ipereke chipukutamisozi.

Ndinkayembekeza kuti tilira kapena kuseka. Akulu anga anangopempha kuti tiwapezere pokhala pamthunzi, chifukwa phazi limene kulibe lija linkawayabwa.

Kampani inachita apilo. Tinadikiranso miyezi khumi, ndipo m'miyezi imeneyo ntchito yanga inatha, bala linatsegukanso, ndipo akulu anga anagonekedwa kachiwiri kuti adulenso fupa pang'ono. Dalaivala uja anamuchotsa ntchito sabata yomwe anachitira umboni. Ndinamuonapo kamodzi akukankha wilibala ya njerwa, ndipo tonse tinachita ngati sitinaonane. Kenako tsiku lina loya anaimba foni kuti kampani yasiya apilo ndipo yalipira. Ana anabwerera kunyumba, wamkulu atabwereza kalasi, wamng'ono akuchita manyazi ndi mayi ake ngati ndi mlendo. Alamu anasiya ntchito yakutali ija. Kupepesa ndi pakamwa sanapepese, ndipo m'nyumbamo mawu ndi ochepabe mpaka lero, koma anamanga chimbudzi chogundana ndi chipinda, n'kuika chitsulo chogwirira m'khoma.

Mwezi watha ndinawaperekeza kumalo kumene amapanga miyendo. Tinadikira pamzere wa anthu a ndodo mpaka dzina lawo linaitanidwa. Wopimayo anali bambo wotopa, amene anali atapima kale anthu ambiri tsikulo. Anamasula bandeji, anazunguliza tepi pansi pa bondo, n'kulemba nambala m'kabuku kake. Akulu anga ankayang'ana manja ake. Atapima kachiwiri anamuuza kuti tepiyo wapotoza kumbuyo, ndipo akalemba zimenezo chinthucho chidzatuluka chokhwepa. Bamboyo anati wakhala pantchitoyi zaka zambiri. Anamulanda tepiyo mwaulemu, anaiwongola, anadzipima okha, n'kumuonetsa pamene chala chawo chinaima. Nambala inasiyanadi. Bamboyo anafufuta yake n'kulemba yawo, ndipo anatiuza kuti tidzabwerenso pakatha masabata atatu, tidzatenge ndi nsapato ya kumanja.

Tili m'basi pobwerera, akulu anga anandifunsa ngati ndikudziwa kumene nsapato zawo za kumanja zinapita. Ndinawauza zoona, kuti ndinazitaya zonse akadali m'chipatala, kuti asamazione. Anandiyang'ana, anapukusa mutu, n'kunena kuti ndiye titsikire pamsika.